Usiku umene masapota a Buffalo anasangalalira chigoli cha alendo

Pa 26 Malichi 2015, m'bwalo la hockey ya pa ayezi mumzinda wa Buffalo ku America munachitika zinthu zimene anthu akumeneko sanaziiwale. Timu ya pakhomo, Buffalo Sabres, inkasewera ndi Arizona Coyotes. Mphindi 60 zinatha matimu atalepherana 3-3, ndipo m'nthawi yowonjezera Sam Gagner wa Arizona anamwetsa chigoli chothetsa makani. Masiku ena bwalo likanangoti zii, anthu n'kumatuluka atazolika. Koma usiku umenewo masapota ambiri a Buffalo, atavala jezi za timu yawo, anaimirira n'kukuwa ndi chimwemwe. Osewera awo anamva phokosolo ali pa ayezi pomwepo, thukuta lili kamukamu. Mike Weber, wotchinga kumbuyo amene anali atatumikira timuyo zaka zingapo, sanabise kwa atolankhani kuti zimenezi zinamulasa mtima.

Kwa ife amene tinakulira pa mpira wamiyendo, nkhaniyi imamveka ngati misala. Timu yothera kumchira kwa ligi imatsika, ndipo sapota aliyense amachita mantha ndi tsiku limenelo. Koma mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, mulibe kutsika. Matimu onse, omwe masiku ano ndi 32, amakhalamo chaka ndi chaka. Iliyonse imasewera magemu oposa 80, kenaka matimu 16 amalowa m'ndime ya chipulula yolimbirana chikho cha Stanley Cup. Otsalawo amapita kwawo, koma sapita chimanjamanja. Chaka chilichonse pamakhala draft, mwambo umene matimu amagawana anyamata aluso a zaka 18, ndipo amene anachita moipa ndiwo amayamba kusankha. Cholinga cha lamuloli n'chabwino: wofooka apatsidwe mpata wodzuka. Vuto lake n'lakuti limaika mphoto pa kugonja.

Pali malamulo ena awiri amene munthu ayenera kuwadziwa kuti amvetse mkanganowu. Loyamba n'lakuti kuyambira 2005 ligi inaika malire pa ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Chaka choyamba malirewo anali madola 39 miliyoni, ndipo mu sizoni ya 2024-25 anafika pa 88 miliyoni. Timu yolemera singangosonkhanitsa akatswiri monga zimachitikira ku Ulaya. Mnyamata wongolowa kumene amalandira malipiro ochepa kwa zaka zitatu zoyambirira, choncho katswiri wachichepere ndi chuma chosasimbika. Lachiwiri n'lakuti wosewera sagulidwa ndi ndalama kuchoka ku timu ina. Amasinthanitsidwa, mwina ndi wosewera mnzake, mwina ndi malo osankhira pa draft. Bwana woyendetsa timu angapereke kaputeni wake lero n'kulandira lonjezo la mnyamata amene pa nthawiyo akadali kusukulu, dzina lake silikudziwika n'komwe.

Chaka cha 2015 chinali ndi anyamata awiri amene aliyense ankawalakalaka. Connor McDavid wa ku Canada ankasewera mu timu ya achinyamata ya Erie Otters, ndipo anthu ankati luso lotere limaoneka kamodzi pa m'badwo. Jack Eichel ankasewera pa Boston University. Malo oyamba ankachitira maere, ndipo timu yomaliza mu ligi inali ndi mwayi 20 pa 100 alionse. Ikalephera maerewo, sinkatsika kupitirira malo achiwiri. Ndiye kuti wothera kumchira anali ndi chitsimikizo chotenga mmodzi mwa awiriwa. Buffalo ndi Arizona zinkalimbirana mchirawo. Masapota amene anakuwa usiku uja ankadziwa masamu awo.

Sabres sinafike kumchira mwangozi. Terry Pegula atagula timuyi mu Febuluwale 2011, anayamba ndi kumwaza ndalama. Christian Ehrhoff anapatsidwa kontirakiti ya zaka 10 ya madola 40 miliyoni, Ville Leino ya zaka 6 ya 27 miliyoni. Sizinathandize. Leino anasewera magemu 58 mu sizoni ya 2013-14 osagoletsa ngakhale chigoli chimodzi, ndipo onse awiri anawalipira kuti achoke mu 2014. Njira yogula itakanika, atsogoleri anatembenukira ku njira yogumula. Mu Epulo 2013 kaputeni Jason Pominville anatumizidwa ku Minnesota, ndipo bwana wa nthawiyo Darcy Regier anachenjeza masapota kuti kutsogolo kuli kuvutika. Mu Okutobala Thomas Vanek, womwetsa zigoli wodalirika, anapita ku New York Islanders. Regier atachotsedwa, Tim Murray anapitiriza ntchitoyo ndi mphamvu zoposa. Mu Febuluwale 2014 anapereka ku St. Louis goloboyi Ryan Miller, amene kwa zaka khumi anali nkhope ya timuyo, limodzi ndi kaputeni Steve Ott. Sizoni yotsatira, magoloboyi awiri amene ankayesetsa kupulumutsa timu, Jhonas Enroth ndi Michal Neuvirth, nawonso anasinthanitsidwa ligi isanathe. Palibe anauza osewera kuti agonje dala, ndipo osewera sachita zotero. Bwana amangochotsa mizati imodziimodzi mpaka denga litagwa lokha. Kumeneko khalidweli amalitcha tanking.

Apa ndi pamene masapota anagawanika, ndipo kugawanika kwake kunalowa m'mabanja ndi m'malo antchito, kunkamveka pa wailesi za masewero tsiku ndi tsiku. A mbali imodzi ankati: taonani mbiri. Pittsburgh inagona pansi zaka zingapo, n'kutola Marc-André Fleury mu 2003, Evgeni Malkin mu 2004 ndi Sidney Crosby mu 2005, ndipo mu 2009 inanyamula chikho. Chicago inatola Jonathan Toews mu 2006 ndi Patrick Kane mu 2007, n'kutenga zikho mu 2010, 2013 ndi 2015. Buffalo ndi mzinda waung'ono, wozizira koopsa, ndipo akatswiri amene makontirakiti awo atha sathamangirako. Njira yokhayo yopezera munthu wa msinkhu wa Crosby ndi draft. Timu imene inayamba mu 1970, inafika mu fainolo mu 1975 ndi 1999 koma osalawa chikho, ingakhalirenji pakatikati mpaka kalekale, osakwera osatsika? Kwa iwo kuombera m'manja chigoli cha Gagner kunali kukonda timu kuposa wina aliyense, chifukwa ankayang'ana zaka khumi zakutsogolo osati usiku umodzi.

A mbali inayo ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ankaloza Edmonton, imene inasankha poyamba mu 2010, 2011 ndi 2012 koma inali idakali pansi. Ankakumbutsanso kuti hockey si masewero a munthu mmodzi. Timu imavalitsa osewera 20 pa gemu, ndipo ngakhale katswiri wakutsogolo amakhala pa ayezi mphindi pafupifupi 20 zokha mwa 60, chifukwa liwiro lake n'lotopetsa ndipo amasinthana pafupipafupi. Mphindi 40 zotsalazo timu imadalira ena. Ndipo ankafunsa funso limene ine ndimaliona kuti ndilo linali lolemera kuposa onse: anyamata amene mukuwasankhawo adzaphunzira kwa yani? Mukachotsa akuluakulu onse odziwa kupambana, mwana wa zaka 18 akalowa m'chipinda chovalira apezamo chiyani kupatula chizolowezi chogonja?

Buffalo inakwanitsa cholinga chake. Inathera kumchira mu 2013-14 ndi mapointsi 52, ndiponso mu 2014-15 ndi mapointsi 54, awiri okha pansi pa Arizona. Koma maere sanaikomere zaka zonse ziwiri. Mu 2014 Florida inapambana, Buffalo n'kutenga Sam Reinhart pa malo achiwiri. Mu Epulo 2015 maere anagwera Edmonton, McDavid n'kupita kumeneko, ndipo Buffalo inatenga Eichel. Anthu ena amaimira pamenepa n'kunena kuti linali tsoka chabe. Ine sindivomereza. Mwayi 20 pa 100 umatanthauza kuti kulephera ndiko kumayembekezeka, ndipo Eichel ndi Reinhart sanali zotsalira. Mbiri yawo yapambuyo pake yasonyeza kuti anali akatswiri enieni.

Chimene chinalakwika kwambiri chinabwera maere atatha. Murray, amene anagumula nyumba modekha, anafuna kuimanga m'chilimwe chimodzi. Katundu amene anasonkhanitsa kwa zaka ziwiri anamugwiritsa ntchito mofulumira. Mu Febuluwale 2015 anali atapereka kale Tyler Myers, Drew Stafford, anyamata awiri ndi malo a m'gawo loyamba la draft ku Winnipeg kuti atenge Evander Kane ndi Zach Bogosian. Mu Juni anapereka malo a nambala 21 ku Ottawa kuti apeze goloboyi Robin Lehner, ndipo anatumiza Nikita Zadorov, Mikhail Grigorenko, J.T. Compher ndi malo ena ku Colorado posinthana ndi Ryan O'Reilly. Chaka chotsatira Kyle Okposo anasaina kontirakiti ya zaka 7 ya madola 42 miliyoni. Kusinthanitsa kulikonse pakokha kunali ndi chifukwa chake, ndipo masapota ambiri anakondwera. Koma pamodzi kunatanthauza kuti timu inali ndi mayina angapo owala kutsogolo, kumbuyo kuli kofooka, ndipo nkhokwe ya anyamata amene akanakula pang'onopang'ono ku Rochester, kumene kuli timu yake yaing'ono, inali itachepa. Mu Epulo 2017 Murray ndi mphunzitsi Dan Bylsma anachotsedwa tsiku limodzi. Mu 2018 Buffalo inatheranso kumchira, ulendo uno osafuna.

Nkhani ya O'Reilly ndi imene ndimafuna kuti aliyense wokonda kuweruza msanga aisinkhesinkhe. Sizoni ya 2017-18 itatha, anauza atolankhani mosabisa kuti timu yazolowera kugonja ndipo iye mwini nthawi zina ankataya chikondi chake pa masewerowa. Mawu amenewa anali umboni wa zimene otsutsa tanking ankaopa, koma m'malo momvetsera, atsogoleri anamuchotsa. Pa 1 Julayi 2018 bwana watsopano Jason Botterill anamutumiza ku St. Louis posinthana ndi Patrik Berglund, Vladimir Sobotka, mnyamata wamtali wotchedwa Tage Thompson ndi malo awiri a pa draft. Pasanathe chaka O'Reilly ananyamula Stanley Cup, n'kupatsidwanso mphoto ya Conn Smythe ya wosewera bwino koposa m'ndime ya chipulula. Berglund anachoka ku Buffalo miyezi ingapo chabe atafika. Thompson ankavutika kupeza malo mu timu. Kwa zaka zitatu masapota ankatchula kusinthanitsa kumeneku ngati manyazi aakulu a timu yawo, ndipo dzina la Thompson linkanyozedwa popanda chifundo.

Kenaka mphunzitsi Don Granato anamusuntha kuchoka m'mbali n'kumuika pakati. Mu 2021-22 Thompson anamwetsa zigoli 38, chaka chotsatira 47. Anthu omwe aja ankamunyoza anayamba kugula jezi ya nambala 72. Tsopano funso loti anapindula ndani silikhalanso lapafupi. St. Louis inatenga chikho chake choyamba m'mbiri yake, ndipo palibe angailande. Buffalo inapeza womwetsa zigoli wa zaka zambiri. Chimene ndimatolapo n'chakuti tsiku limene kusinthanitsa kwalengezedwa ndilo tsiku loipa kwambiri loperekera chigamulo, komanso ndilo tsiku limene masapota amakuwa kwambiri. Thompson wa mu 2019 ndi wa mu 2023 anali munthu yemweyo. Chinasintha ndi malo amene anamuika ndi munthu amene anamukhulupirira.

Za Eichel zinatha mowawa kuposa apa. Anasaina kontirakiti ya zaka 8 ya madola 80 miliyoni mu 2017, n'kukhala kaputeni ali ndi zaka 21. M'masizoni asanu ndi imodzi sanalaweko ndime ya chipulula. Mu Malichi 2021 anavulala khosi, ndipo panabuka kusamvana pa chithandizo. Iye ankafuna opaleshoni yoikamo kachipangizo m'malo mwa kachigawo kowonongeka pakati pa mafupa a khosi, imene palibe wosewera wa NHL anali atachitidwapo. Madokotala a timu ankafuna njira yakale yolumikiza mafupawo. Malamulo a ligi ankapereka mawu omaliza kwa timu, choncho miyezi inapita munthu ali chikhalire ndi ululu, ndipo anamulanda ukaputeni. Pa 4 Novembala 2021 bwana wa nthawiyo Kevyn Adams anamutumiza ku Vegas Golden Knights posinthana ndi Alex Tuch, Peyton Krebs ndi malo awiri a pa draft. Vegas inamulola opaleshoni imene ankafuna, ndipo mu Febuluwale 2022 anabwerera pa ayezi.

Atafika ku Buffalo koyamba ndi timu yake yatsopano mu Malichi 2022, bwalo lomwe lija linamukuwiza nthawi iliyonse akakhudza puck, kampira ka hockey. Sabres inapambana 3-1, ndipo mwa omwetsa zigoli munali Krebs ndi Tuch, anthu awiri omwe anabwera m'malo mwake. Tuch anakulira pafupi ndi Syracuse akusapota Sabres kuyambira ali mwana, ndipo masapota anamulandira ngati mwana wa pakhomo. Usiku umenewo ambiri anati timu yapeza anthu ofunadi kukhalapo. Ndimamvetsa mtima umenewo. Koma ndikaganiza kuti munthu amene ankakuwizidwayo ndi yemwe zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo anthu analolera kunyazitsa osewera awo kuti amupeze, ndimamva chisoni. Mu 2023 Eichel anatsogola pa mapointsi m'ndime yonse ya chipulula, ndi 26, ndipo Vegas inatenga chikho.

Reinhart anatumizidwa ku Florida mu Julayi 2021 posinthana ndi goloboyi wachinyamata Devon Levi ndi malo a m'gawo loyamba. Mu 2023-24 anamwetsa zigoli 57, ndipo mu gemu yachisanu ndi chiwiri ya fainolo yolimbana ndi Edmonton ya McDavid, chigoli chake ndicho chinapatsa Florida chikho. Mu timu imeneyo munalinso Brandon Montour, Evan Rodrigues ndi Okposo, onse amene anasewerapo ku Buffalo. Linus Ullmark, amene anachoka kontirakiti yake itatha mu 2021, anasankhidwa kukhala goloboyi wabwino koposa mu ligi mu 2023 ali ku Boston.

Mndandanda umenewu umaphwanya mfundo imene mbali zonse ziwiri zimakonda kubisalamo, yoti vuto linali kusankha anthu olakwika. Luso linalipo, lochuluka. Chimene chinasowa ndi pakhomo pokhazikika. Kuyambira pamene mphunzitsi Lindy Ruff anachotsedwa mu 2013 mpaka pamene anabwerera mu 2024, timu inadutsa m'manja mwa aphunzitsi asanu ndi mmodzi: Ron Rolston, Ted Nolan, Bylsma, Phil Housley, Ralph Krueger ndi Granato. Aliyense ankabwera ndi kaseweredwe kake, ndipo bwana aliyense watsopano ankafuna kuchotsa anthu a mnzake. Mu Juni 2020 eni timu anachotsa anthu oposa 20 tsiku limodzi, ambiri mwa iwo ofufuza luso la achinyamata, pa nthawi imene timu inkadalira draft kuposa china chilichonse. Sizoni yotsatira inasewera magemu 18 otsatizana osapambana. Rasmus Dahlin, amene anasankhidwa poyamba mu 2018, ndi Owen Power, woyamba mu 2021, anakulira m'chipwirikiti chomwechi.

Ochirikiza kugumula ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Amati mankhwala sanalakwe, analakwa ndi wopereka. Toronto inachita zofanana, n'kutenga Auston Matthews mu 2016, ndipo chaka chotsatira inalowa m'ndime ya chipulula. Zoona. Koma Toronto inali ndi chuma cholembera akatswiri oyendetsa timu ndi ophunzitsa achinyamata. Edmonton, ngakhale inapeza McDavid, inalowa m'ndime ya chipulula kamodzi kokha m'masizoni ake anayi oyambirira, ndipo inafika mu fainolo mu 2024, patatha zaka zisanu ndi zinayi. Arizona, imene inatenga Dylan Strome pa malo achitatu mu 2015, sinadzuke mpaka osewera ake anasamutsidwira ku Utah mu 2024. Anthu akamatchula Pittsburgh ndi Chicago amaiwala kuti pa timu iliyonse imene inadzuka pali ina imene inagona osadzukanso msanga. Ligi yomwe inaona kuopsa kwake. Kuyambira 2016 inasintha maere kuti timu yomaliza isakhalenso ndi chitsimikizo cha malo achiwiri, ndipo pambuyo pake inaletsa timu kukwera kudzera m'maere koposa kawiri pa zaka zisanu.

Sindikunena kuti timu yokalamba iziumirira osewera amene nthawi yawo yatha. Kupereka munthu wa zaka 33 amene kontirakiti yake ikutha, n'kulandira malo a pa draft, ndi nzeru ya tsiku ndi tsiku mu ligi imeneyi. Kusiyana kuli pa kukonza nyumba ndi kuitentha. Timu imene ikumanganso imafunika kusunga goloboyi amene angaiteteze kuti isamagonje mochititsa manyazi, akuluakulu awiri kapena atatu amene anyamata angawaonere, ndi mphunzitsi amene apatsidwe zaka zokwanira. Zinthu zimenezi zimawonjezera mapointsi angapo n'kuchepetsa mwayi wa pa maere, n'chifukwa chake okonda masamu amadana nazo. Koma Buffalo inasonyeza mtengo wa kuzitaya. Mu 2022-23 inatsala pointi imodzi yokha kuti ilowe m'ndime ya chipulula, 91 pamene Florida inali ndi 92, ndipo Florida yomweyo inakafika mu fainolo chaka chimenecho. Pointi imodzi imeneyo ndi imene amabweretsa anthu odziwa kutseka gemu ikafika pothina.

Sapota ali ndi gawo lake pa zonsezi, ngakhale sasaina kontirakiti. Mabwana amamva phokoso la m'bwalo ndi la pa wailesi, ndipo eni timu amaona mipando ikayamba kukhala yopanda anthu. Phokoso lofuna kugumula mu 2014 ndi lomwe linasanduka phokoso lofuna zotsatira mu 2016, ndipo onse awiri anakankhira atsogoleri ku changu. Sindingaweruze mwankhanza munthu amene anadikira chikho kuyambira 1970 n'kuona mwa McDavid chiyembekezo chake chomaliza. Komabe ndikuti amene anakhala pansi usiku wa 26 Malichi, osaomba m'manja, ndiwo anaona patali. Kugonja dala kunabweretsa osewera amene kunalonjeza, koma kunawononga malo amene osewerawo anayenera kukuliramo.

Pamene sizoni ya 2024-25 inkatha, Buffalo inali itakhala masizoni 14 otsatizana osalowa m'ndime ya chipulula, nthawi yaitali kuposa timu ina iliyonse m'mbiri ya NHL. Pa Stanley Cup amazokotapo mayina a opambana chaka chilichonse. Dzina la O'Reilly lili pansi pa St. Louis, la Eichel pansi pa Vegas, ndipo la Reinhart linalembedwa kawiri, mu 2024 ndi 2025, pansi pa Florida.